Pikapu Yokana Mwini Wake

9 Malichi

Amayi anga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mdzukulu wanu. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, zala zokha ndi zimene zathetheka ndi dizilo. Ndalemba papepala chifukwa munanena nokha kuti mawu a pafoni amauluka, koma kalata mumaibwereza mpaka itang'ambika.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa dalaivala wa basi wadazi uja. Muyambe mwagula nsapato za mwana, malata adikire kaye. Achimwene muwauze kuti bokosi la masipanala a malemu bambo si lobwereketsa. Pulayala imene anatenga chaka chatha mpaka lero akuti ikubwera.

Kugalaja zinthu zikuyenda. Abwana athu timawatcha a Bwerani Mawa, chifukwa ndiwo mawu amene kasitomala aliyense amalandira. Makanika wamkulu ndi a Girizi, mkulu wanthabwala, pakamwa posatseka. Mkazi ndilipo ndekha, ndipo za mawaya ndi makompyuta a galimoto zonse amandisiyira. Amuna onyamula giyabokosi osapuma, akangoona mawaya apiringizana amayamba kufunsa kuti Wamawaya ali kuti. Zimandikoma, sindinama.

Sabata yathayi kunabwera pikapu ya dizilo, yakalekale ndithu, kumbuyo kwake kuli bokosi lonyamulira buledi. Mwini wake ndi bambo wina wophika buledi kuseri kwa msika, ndiye ife timangoti a Buledi. Amayi, munthuyu ndi wamkulu thupi. Akaima pakhomo la ofesi, m'katimo mumada. Koma kamawu kake n'kofatsa, amalankhula ngati akupepesa.

Akuti galimoto ikumazima yokha pamsewu. Kanyali kachikasu kamayaka padashibodi, injini n'kutsokomola, basi zii. Amatsika, kutsegula boneti, kuyang'ana zinthu zimene sazidziwa n'komwe, kubwerera, n'kuliza, ndipo imalira bwinobwino mpaka idzazimenso. Nkhawa yawo ndi sukulu yogonera imene imagula buledi wawo wambiri. Akuluakulu a sukuluyo awauza kuti buledi akapitiriza kufika ana atalowa kale m'kalasi, kumapeto kwa Epulo apeza wophika wina. Zikatero akuti atseka uvuni n'kusamukira kwa mng'ono wawo, kutali.

Mwina mukudabwa kuti kompyuta ikufunanji m'galimoto. Ndi kabokosi kachitsulo kamene kamalamula injini kuti dizilo alowe wochuluka bwanji komanso nthawi yanji. Kali ndi timaso take m'malo osiyanasiyana, timene timati masensa. Penapake pakavuta, kabokosiko kamasunga dandaulo, ine n'kulumikiza makina opimira n'kuliwerenga. Iyi yadandaula masensa atatu nthawi imodzi: ya papedulo, ya mphamvu ya dizilo, ndi ina ya kuekizozi. Ndatsuka mapulagi onse, ndasintha fyuluta ya dizilo, ndafufuta madandaulowo, n'kuiyendetsa masana onse. Sinatsokomole ngakhale kamodzi.

A Buledi anasiya buledi wotentha wa galaja yonse. Ntchito yatha imeneyo.

Ndine mwana wanu wachisamba.

27 Malichi

Amayi,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Ndasangalala kumva kuti nsapato zakwana ndipo bondo laleka kutupa. Ine ndili bwino. Sabata yatha mumsewu wathu munadutsa anthu aboma ofunsa alendo mapepala a chilolezo chokhalira kuno, koma ine ndinali pansi pa lole ina. Musadandaule nazo, zimenezo tidzakamba pamaso.

Ndinati ntchito yatha, si choncho? Ndinafulumira kulankhula. Pikapu ija yakhala ikubwerera ngati ili ndi abale kuno. Chondipsetsa mtima n'chakuti m'manja mwanga simazima. Ndaikweretsa mtunda, ndaidutsitsa m'maenje, ndagwedeza mawaya onse a mu boneti injini ikulira, ndaithira ngakhale madzi. Imangoyenda mokondwa. A Buledi akaitenga, m'mawa mwake foni yalira. Ndasintha sensa ya papedulo, ndapima batire, ndakwecha waya wa efi, uja wolumikiza batire kuchitsulo cha galimoto, mpaka kuwala. Madandaulo ndi atatu omwe aja.

Tsopano a Girizi apeza nyimbo. Tsiku lina a Buledi atangotuluka pageti, anayamba.

"Mwana wanga, galimoto iyi ilibe matenda. Wodwala ndi mwini wake."

"Akudwala chiyani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe. Galaja zatha m'tauni muno kuti azingobwera kuno? Ndipo bwanji buledi wa shuga pamwamba amangopatsa iwe, ife n'kumatipatsa wouma?"

Galaja yonse inaseka. Ine ndinawauza kuti makina opimira sadya buledi ndipo sanama, madandaulo ali m'kompyutamo. A Girizi akuti munthu wachikondi akhoza kuphunzitsa ngakhale kompyuta kulira.

Za funso lanu lija: ayi, sindinawafunse ngati ali pabanja. Funso lanji limenelo, Amayi? Ine ndimakonza mawaya. Nkhani ya amuna ndinaitseka ndi loko tsiku limene bambo a mwanayu ananyamula chikwama chawo, ndipo kiyi ndinataya. Zoti akazi awo anamwalira kalekale ndipo amakhala okha pamwamba pa bekale, anangonena a Girizi, ine osafunsa.

Sopo kuno wakwera mtengo kawiri mwezi uno wokha, moti ovolosi ndikuchapa Loweruka lokha. Mbuzi yoyera ija musagulitse, ngakhale achimwene anene zokoma bwanji.

Mwana wanu.

12 Epulo

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo suli m'malo.

A Bwerani Mawa anatopa nayo pikapu ija, n'kugamula kuti kompyuta yafa. Ine ndinakana. Ndinati kompyuta yakufa siisankha munthu woiyendetsa. Anandifunsa ngati ndili ndi yankho lina, ndipo ndinalibe. Ndiye anaitanitsa kompyuta ina kwa ogulitsa zida za galimoto zogundidwa. Kuti aigule, a Buledi anakapinyolitsa makina awo okandira ufa. Pano akukanda ndi manja, munthu wophika buledi wa sukulu yathunthu.

Ndinaimanga, ndinaiphunzitsa kuzindikira kiyi wa galimotoyo, ndipo inayenda bwino mpaka tinayamba kuyamikana. Lachinayi inakazimira pa hampu, kachitumbira kochepetsa liwiro pamsewu, kumunsi kwa sukulu, n'kukana kulira msanga. A Buledi anasenza makireti paphewa kukwera nawo mtunda wonse uja, maulendo angapo. Anafika kugalaja malaya ali chonyowa, ufa wamatirira m'khosi.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipereka. Nyimbo ya a Girizi inali itandilowa m'mutu, ndipo ndinali nditatopa. Ndinawafunsa pamaso pa anthu.

"Bambo, tandiuzani zoona. Galimotoyi imazimadi?"

A Buledi anatambasula manja awo.

"Mayi, ndingapinyolitse makina anga chifukwa cha masewera? Taonani manjawa."

Anali otupa, Amayi, mpaka m'zigongono. Ndinasowa poyang'ana. Iwo sanakalipe. Anangotenga kiyi, n'kunena kuti mwina mng'ono wawo akunena zoona, kuti munthu asamakakamire malo amene akumukana. Tsiku limenelo sanasiye buledi.

Ndili ndi manyazi, komanso ndili ndi mkwiyo, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Galimoto zambiri zandivutapo, koma iyi ikundilanda njala. Mwalemba kuti kalata zanga masiku ano zikununkhira buledi. Sekani, palibe kanthu. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti mwezi ukutha, ndipo sindikufuna kuti bekale ija itsekedwe.

Mwana mumuuze kuti chithunzi cha galimoto chimene anajambula ndachimata pakhoma. Matayala anaika asanu, koma palibe vuto, limodzi ndi sipeya.

Mwana wanu.

21 Epulo

Amayi anga okondedwa,

Khalani pansi, valani magalasi, muitanenso mdzukulu wanu amve nawo. Ndili bwino kwambiri. Vuto lija ndalipeza.

Ndinawauza abwana kuti wodwala uyu amachira akangoona chipatala, ndiye ndikamuonera kwawo. Lachiwiri m'bandakucha ndinafika kubekale. Ndinayamba ndi kupepesa za mawu anga aja. A Buledi anangoti zinatha, n'kundipatsa tiyi m'kapu yaikulu ngati yawo. Tinapakira makireti, iwo pachiwongolero, ine pambali, makina opimira ali pamiyendo.

Usiku wake ndinali nditayang'ananso chithunzi cha mawaya a galimotoyi, n'kuona chinthu chimene ndinkachidumpha. Masensa atatu aja amalandira magetsi kuchokera pa waya umodzi. Ndinakumbukira tsiku limene ine ndi achimwene ndi mwana wa azakhali tinadwala m'mimba tonse. Inu simunafunse kuti aliyense wadwala chiyani, munafunsa chimene tinadyera limodzi. Ndiye maso anga anali pa nambala imodzi yokha, ya magetsi a waya umenewo.

Tinafika pa hampu ya kumsika. Galimoto inadumpha pang'ono, nambala ija n'kugwa mpaka ziro, injini zii. A Buledi anapumira m'mwamba, n'kutsika kukatsegula boneti monga mwa masiku onse. Phazi lawo litangoponda pansi, nambala inabwerera. Ndinati mwina zangochitika. Pa hampu yachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi: atakhala, ziro, atatsika, magetsi abwera.

"Bambo, tabwerani mbali ino. Ndiyendetse ine."

Ndinabwerera m'mbuyo n'kudumphanso hampu yomweyo, mwamphamvu kuposa iwo. Palibe chinachitika. Ulendo wonse ndinayendetsa ine, ndipo kusukulu tinafika belu lisanalire. Mlonda wa pageti anafunsa a Buledi ngati alemba dalaivala, iwo n'kuyankha kuti ayi, ndi dokotala.

Titafika kugalaja ndinaisiya injini ikulira. Anthu onse anasonkhana.

"Bambo, mundikhululukire. Mumalemera bwanji?"

A Girizi anagwetsa sipanala. A Buledi anayang'ana nsapato zawo, n'kunena chapansipansi kuti sikelo ya kubekale imathera panjira. Kumbuyo kwa pikapu kunali matumba awiri a ufa amene anagula pobwera. Ndinapempha kuti awaike pampando wa dalaivala. Injini inangolirabe. Ndiye ndinakwera pamwamba pa matumbawo, mutu ukugunda denga, n'kuyamba kudumphadumpha. Tangoganizani, mwana wanu, mayi wa mwana, akudumpha pa ufa pamaso pa abwana ake. Kachitatu, injini inatsokomola n'kuzima.

Tinamasula mpando n'kutukula kapeti. Mtolo wa mawaya opita kuekizozi umadutsa pansi pomwepo. Pamwamba pake panali kachitsulo kowotcherera kumpando, kakuthwa m'mphepete, ndipo kanali katadya tepi ndi chikopa cha waya mpaka mkuwa kuonekera, kabala kochepa ngati njere ya mpunga. Munthu wolemera akakhala, mpando umatsika, ndipo pa hampu kachitsuloko kamakhudza mkuwa n'kupanga shoti. Masensa atatu onse amachita mdima, kompyuta n'kuzimitsa injini podziteteza. Ine ndi kuchepa kwangaku mpando sunkatsika n'komwe.

Ndinawafunsa kuti mpandowu anawotcherera ndani. Akuti unathyoka mu Januwale, n'kukauwotcheretsa kwa wowotcherera mageti.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mayi, mwamuna angauze bwanji mkazi kuti ndinathyola mpando pongokhala?"

Tinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka nafe. Ndinadula pobalapo, kulumikiza ndi mtovu, kuveka kachubu, n'kudutsitsa mtolo wonse m'paipi kumbali kumene mpando sufika. A Girizi anasalaza kachitsulo kaja ndi girayinda, n'kuwonjezera chitsulo china cholimba. Kompyuta yakale ndaibwezera, inalibe mlandu. A Bwerani Mawa akabweza inayo kwa eni ake, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire sananene kuti mawa.

Pomaliza a Buledi anakhala pampando wawo, ine pambali, n'kudutsa mahampu onse a m'tauni muno dala. Pa hampu iliyonse ankaseka ngati mwana. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi, Amayi. Lero ndadya mpaka kukhuta.

Mwana wanu, Wamawaya.

16 Meyi

Amayi,

Moni nonse. Ndili bwino. Pepani ndachedwa kulemba, panalibe chenicheni chonena.

Pikapu ikuyenda. Akusukulu asainirana nawo a Buledi chaka china, makina okandira abwerera m'malo mwake, ndipo zosamuka zija zatha. Zonsezi ndamva kwa a Girizi, amene amadutsa kumsika. Mwini wake sanabwereko chiyambire tsiku lija. Angabwere kudzatani? Galimoto yawo ilibe vuto. Buledi wothokoza anatumiza ndi wanjinga.

Ndiye a Girizi analakwa, ine ndinalondola. Munthuyo sankanama, ankangobwera chifukwa cha waya basi. Ndimayenera kunyada, koma ndikamva dizilo ikulira pageti ndimadzutsa mutu, n'kupeza ndi lole ya mchenga. Dzulo ndinakalipira kasitomala chifukwa choika fyuzi yolakwika, zinthu zoti masiku onse ndimangoseka. A Girizi anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Unakonza mopitirira, mwana wanga. Makanika wanzeru amasiyako kawaya kamodzi."

Ndikuuzani inu nokha, ndipo achimwene musawawerengere ndime ino: ndikuwasowa. Loko ndinanena uja zikuoneka kuti anali wotchipa.

Za mapepala zikuyenda, abwana andilembera kalata imene inkafunika. Malata musagule kaye, kuno ndaona olimba pamtengo wabwino, kungoti sindikudziwa kuti ndingawatumize bwanji.

Mwana wanu.

2 Juni

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine musandifunse n'komwe.

Lachisanu masana pikapu ija inalowa pageti. Ndinali pansi pa dashibodi ya galimoto ina, ndipo ndinadzigunditsa mutu potuluka. A Buledi anatsika atavala malaya ositidwa, zinthu zimene sindinazionepo.

"Yazimanso?"

"Ayi, mayi. Hutala. Sakulira."

Ndinadina, zoonadi, zii. Ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi. Amayi, fyuzi ikapsa imatsala pamalo pake, yakuda m'kati. Apa panalibe fyuzi n'komwe, panali kabowo chabe, ndipo m'mphepete mwake munali chidindo cha chala choyera ndi ufa.

"Bambo, fyuzi siyenda yokha. Ili kuti?"

A Girizi anayamba kupukuta sipanala yoyera kale. A Buledi anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafyuzi kofiira, kakusowa m'dzanja lawo lalikulu lija.

"Ndadikira mwezi wathunthu kuti iwonongeke. Ndaidutsitsa m'maenje, ndadumpha mahampu, ikungoyenda. Ndiye ndinafunsa a Girizi awa kuti ndi kati kamene ndingazule osapweteka galimoto. Ulendo uno ndanama, mayi. Kale lija ayi, koma lero ndanamadi."

Ndinabwezera fyuziyo, hutala n'kulira. Ndinawafunsa ngati pali chinanso chovuta. Anati chilipo, koma si cha m'galimoto, ndipo sangachinenere pamaso pa anthu onsewa. Ine ndine mwana wanu, sindigwa ndi mphepo yoyamba. Ndinapukuta manja, n'kuwauza mawu a pagalaja pathu: bwerani mawa.

Anabwera. Anabweranso Lamulungu, ndipo tinakayenda kupaki. Ndawauza zonse, za mwana, za bambo ake, za mkwiyo wanga wam'mawa. Chithunzi cha galimoto ya matayala asanu achiona, akuti wojambulayo akufuna akamuone ndi maso. Sindinawayankhe chilichonse chachikulu. Ndawauza kuti ine ndili ndi amayi, ndipo galimoto ndimapima ndekha koma munthu timapima awiri.

Ndiye tikubwera mu Ogasiti, sukulu ikatsekera, pa pikapu yomweyi. Mapepala atuluka. Malata tidzanyamula kumbuyo, bokosi la buledi adzalitsitsa. Musavutike ndi zophika zambiri, munthuyo amadya pang'ono modabwitsa, thupilo akuti n'lakumtundu.

Chimodzi chokha ndikupempha. Mpando wa malemu bambo uja, wa pakhonde, ndi umene mumakhazikapo alendo olemekezeka, ndipo mwendo wake wakumbuyo ndimaudziwa. Achimwene atsegule bokosi la zida, ulendo uno ndalola, aukhome bwinobwino. Akamaliza aupime asananene kuti watha. Muyeso wake ndikuudziwa: matumba awiri a ufa, ndi ine pamwamba.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Wamawaya.